Mmene mungaikire kosi ya biochemistry pa nthawi yake pokonzekera mayeso olowera sukulu ya udokotala

Wophunzira wa ku Chipata, Katete, Petauke kapena Lundazi amene akufuna kuphunzira udokotala pa University of Zambia amayamba walowa ku School of Natural Sciences ndi zotsatira zake za Giredi 12, ndipo malikisi a chaka choyamba ndi amene amagamula ngati adzapita ku Ridgeway, kumene kuli sukulu ya udokotala pafupi ndi chipatala cha UTH. Pa njira imeneyi biochemistry, phunziro la chemistry ya m'thupi la zamoyo, imabwera munthu atasankhidwa kale, choncho funso loti aiphunzire liti silikhalapo. Malangizo awa ndi a ana athu ena a kuno kum'mawa, amene akuchita digiri yoyamba kunja kapena akuganiza zokapitiriza udokotala kunja, kumene khomo lake ndi mayeso apadera. Odziwika kwambiri mwa mayeso otere ndi MCAT, amene amayendetsedwa ndi bungwe la Association of American Medical Colleges, mwachidule AAMC, ndipo amafunidwa ndi masukulu a udokotala a ku America ndi ambiri a ku Canada. Langizo langa lalikulu ndi ili: malizani kosi ya biochemistry musanalembe mayeso, koma muimalize mu semesita yoyandikana ndi mayesowo, ndipo pakati pa ziwirizi musiye milungu yokwanira yobwereza. Zotsalazo ndi njira yoikira zimenezi pa kalendala.

Choyamba, tsimikizani mayeso amene sukulu yanu imafuna

Musanasinthe dongosolo la makosi anu, lembani mayina a masukulu amene mukufuna ndipo muwerenge nokha zimene iliyonse imafuna. Masukulu ambiri a ku Britain amagwiritsa ntchito mayeso a UCAT, amene safunsa biochemistry konse. Mayeso a GAMSAT, amene amalembedwa mu Malichi ndi mu Seputembala ndipo amafunidwa ndi masukulu ena a ku Australia, Ireland ndi Britain kwa anthu amene ali kale ndi digiri, amafunsa biology ndi chemistry ya chaka choyamba cha pa yunivesite. Biochemistry imathandiza, koma si msana wake. Ndi pa MCAT pamene nthawi ya kosi imeneyi imakhala nkhani yaikulu.

Pali chinthu china chimene chiyenera kunenedwa poyera kuti munthu asawononge ndalama za makolo. Masukulu ambiri a udokotala a ku America salandira ophunzira ochokera kunja, ndipo ambiri mwa amene amalandira amafuna kuti makosi a sayansi akhale atachitidwa pa yunivesite ya ku America kapena ku Canada. Ngati digiri yanu ndi ya kuno kwathu, alembereni kalata muwafunse ngati amaizindikira, ndipo muyang'anenso masukulu a mayiko ena amene amalandira zotsatira za MCAT kwa ophunzira akunja, monga ena a ku Australia ndi Duke-NUS ya ku Singapore.

Chachiwiri, dziwani kukula kwa biochemistry m'mayesowo

Mu 2015 mayeso a MCAT anasinthidwa kwambiri, ndipo m'pamene biochemistry inapatsidwa malo aakulu. Lero mayesowa ali ndi zigawo zinayi ndi mafunso 230. Chigawo cha chemistry ndi physics chili ndi mafunso 59 oyankhidwa m'mphindi 95, chigawo chowerenga ndi kusanthula nkhani, chotchedwa CARS, chili ndi mafunso 53 m'mphindi 90, ndipo zigawo ziwiri zotsalazo, cha biology ndi biochemistry komanso cha psychology ndi sociology, zili ndi mafunso 59 chilichonse m'mphindi 95. Chigawo chilichonse chimapatsidwa malikisi kuyambira 118 mpaka 132, moti onse pamodzi amayambira 472 kulekeza 528, ndipo pakati pake ndi 500.

Malinga ndi ndondomeko ya AAMC, biochemistry imatenga pafupifupi 25 peresenti ya chigawo cha chemistry ndi physics ndiponso 25 peresenti ya chigawo cha biology. Tikawerengera, amenewa ndi mafunso pafupifupi 30. Yerekezani ndi organic chemistry, imene ophunzira ambiri amaiopa ndi kuithera mphamvu, koma imangotenga 15 peresenti ya chigawo chimodzi ndi 5 peresenti ya chinacho. Ndipo m'kuona kwanga chiwerengero cha 30 chimachepetsa nkhaniyi, chifukwa mafunso ambiri amachokera pa ndime zofotokoza kafukufuku wa m'labu, ndipo funso lowerengedwa ngati la biology kapena la chemistry likhoza kukhala pa ndime yodzaza ndi mapuloteni ndi ma enzyme. Munthu wosadziwa biochemistry amataya nthawi pongoyesa kumvetsa ndimeyo asanafike n'komwe pa funso.

Mbali yotonthoza ndi yakuti AAMC imanena kuti imafunsa za semesita yoyamba yokha. Ngati yunivesite yanu imagawa biochemistry pawiri, simukukakamizidwa kudikira gawo lachiwiri, pokhapokha ngati kagayidwe ka shuga ndi mafuta m'thupi, kamene m'kalasi amati metabolism, anakaika m'gawo lachiwirilo. Apa m'pofunika kutenga silabasi kwa aphunzitsi ndi kuiika pambali pa ndondomeko ya AAMC, imene imapezeka kwaulere pa intaneti, n'kuchonga mutu uliwonse.

Chachitatu, werengerani chobwerera m'mbuyo

Anthu ambiri amayamba ndi funso loti atenge liti biochemistry, pamene funso loyenera kuyamba nalo ndi loti akufuna kulowa m'kalasi ya udokotala chaka chiti. Masukulu a ku America amatsegulira mu Julayi kapena mu Ogasiti, ndipo mafomu ake amatumizidwa chaka chathunthu zisanafike pamenepo. Mafomu a AMCAS, amene masukulu ambiri amagwiritsa ntchito, amatsegulidwa mu Meyi ndipo amayamba kutumizidwa kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni. Masukulu ambiri amaona mafomu motsatira mmene akufikira, n'kumaitana anthu ndi kupereka malo pang'onopang'ono, kotero wotumiza mochedwa amapikisana pa malo ochepa otsala. Zotsatira za MCAT nazo zimatuluka patapita pafupifupi mwezi umodzi kuchokera tsiku lolemba.

Tiyeni titenge chitsanzo cha munthu wofuna kuyamba udokotala mu Ogasiti 2028. Mafomu ake ayenera kupita mu Juni 2027. Kuti adziwe malikisi ake asanasankhe masukulu otumizako, ayenera kulemba mayeso pasanathe mwezi wa Epulo 2027, kapena mochedwetsetsa mu Meyi. Ndiye kuti biochemistry ayenera kuichita mu semesita ya Ogasiti mpaka Disembala 2026. Koma mayunivesite ambiri salola munthu kulowa m'kalasi ya biochemistry asanapambane organic chemistry, ena semesita imodzi, ena ziwiri, choncho organic chemistry iyenera kugwa pakati pa Ogasiti 2025 ndi Meyi 2026, ndipo general chemistry ndi biology ziyenera kukhala za chaka cham'mbuyo mwake. Mukuona kuti tsiku la mayeso limakonzedwa zaka ziwiri kapena zitatu lisanafike, ndipo amene wazengereza chemistry m'chaka choyamba wasuntha kale zonse zam'tsogolo osadziwa.

Lembani masiku amenewa pa pepala limodzi, kuyambira pa chaka cholowera kutsika nawo mpaka lero. Kumbukirani kuti mayesowa salembedwa chaka chonse: masiku ake amakhala pakati pa Januwale ndi Seputembala.

Chachinayi, sankhani pamene kosi igwere

Apa m'pamene pagona nkhani, ndipo njira zake sizilemera mofanana.

Njira imene ndimaikonda ndi ya m'chitsanzo chija: kosi mu semesita yothera mu Disembala, mayeso kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo. Munthu amatuluka m'kosi zinthu zidakali m'mutu, amagwiritsa ntchito tchuthi cha Khirisimasi kubwereza physics ndi general chemistry zimene anazisiya kalekale, ndipo amakhala ndi miyezi itatu yoyeserera. Mtengo wake ndi wakuti semesita ya Januwale iyenera kukhala yopepuka. Musaikemo makosi olemera atatu a sayansi n'kumayembekeza kuti mudzapezabe maola okonzekera MCAT, chifukwa chimodzi chidzavulala, ndipo masukulu a udokotala amayang'ana zonse ziwiri, malikisi a digiri ndi a mayeso olowera. Ena amathamangira kulemba mu Januwale kosi itangotha. Zimenezi zimatheka kwa yekhayo amene anamaliza kubwereza maphunziro ena onse m'tchuthi chachikulu cham'mbuyo, popeza milungu inayi kapena isanu sikwanira kuyambira pachiyambi.

Njira ina yabwino ndi kuchita kosi kuyambira Januwale mpaka Meyi, kuthera tchuthi chachikulu pokonzekera, n'kulemba mu Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala. Imapereka mtendere wochuluka chifukwa palibe makalasi opikisana ndi kukonzekera. Koma imagwira bwino ngati mafomu mudzatumiza chaka chotsatira. Kulemba mu Seputembala ndi cholinga cholowa nawo mpikisano wa chaka chomwecho ndi kufika anzanu atapita kale patali.

Njira imene imakopa anthu ambiri, ndipo ndi imene ndimachenjeza, ndi yochita kosi ndi kukonzekera mayeso pa nthawi imodzi, n'kulemba mu Epulo kosi isanathe. Poganiza chabe imaoneka yanzeru, popeza zimene mwamva m'kalasi m'mawa mumakumana nazo m'mafunso madzulo. Vuto lili pa kandandalikidwe ka mitu. Pafupifupi kosi iliyonse ya biochemistry imayamba ndi madzi ndi pH, ma amino acid, mapangidwe a mapuloteni ndi ma enzyme, ndipo metabolism imabwera kumapeto. Wolemba mayeso mu Epulo amakhala atangoyamba glycolysis, gawo loyamba la kagayidwe ka shuga, ndipo Krebs cycle, electron transport chain, kagayidwe ka mafuta ndi mmene insulin ndi glucagon zimawongolera zonsezi amakhala asanazimve m'kalasi. Komanso mayeso oyeserera amene amalemba mu Febuluwale ndi mu Malichi samuuza zoona, chifukwa sangasiyanitse zimene walakwa posamvetsa ndi zimene walakwa chifukwa sanaziphunzire. Ngati palibe kuchitira mwina, ikani tsiku la mayeso kumapeto kwa Meyi, milungu ingapo mayeso a kosi atatha, ndipo muziwerenga mitu ya metabolism nokha milungu itatu kapena inayi aphunzitsi asanafikepo.

Kulemba MCAT musanachite kosiyo konse, podalira mabuku okonzekera mayeso, kumatheka kwa wophunzira wolimba kwambiri pa organic chemistry ndi cell biology, koma sindingalangize munthu wamba kutero. Mabuku amenewo analembedwa kuti akumbutse, osati kuphunzitsa chatsopano, ndipo masukulu ambiri adzafunabe kuona kosiyo pa chikalata cha malikisi anu. Makosi ofupikitsidwa a m'tchuthi, amene amapanikiza semesita yonse m'milungu yochepa, amathandiza kutseka mpata pa kalendala, koma musawaphatikize ndi kukonzekera mayeso.

Kufulumira kwambiri nako kuli ndi vuto lake. Biochemistry yophunziridwa zaka ziwiri mayeso asanafike ili ngati chimanga chokhalitsa m'nkhokwe popanda mankhwala: poyang'ana kunja nkhokwe ndi yodzaza, koma mukapita kukatapa mumapeza anankafumbwe anamaliza kale. Ngati dongosolo la digiri yanu likukukakamizani kuichita msanga, sungani manotsi ndipo muziwabwereza pang'ono mwezi uliwonse. Musathamangirenso kulemba mayeso msanga kwambiri pofuna kupezerapo mwayi, chifukwa masukulu ambiri salandira zotsatira zopitirira zaka ziwiri kapena zitatu.

Chachisanu, phunzirani kosiyo m'njira yoti idzakutumikireni pa mayeso

Mlungu woyamba lowezani ma amino acid onse 20: dzina, chidule cha zilembo zitatu, chidule cha chilembo chimodzi, mapangidwe ake, ndiponso ngati amakonda madzi kapena ayi, ngati ali ndi chaji kapena alibe. Palibe ntchito ina m'kosi yonse imene imabweza phindu lofanana ndi iyi. Ndime ya mayeso ikhoza kungolemba kuti E6V popanda kufotokoza, ndipo muyenera kuona nthawi yomweyo kuti glutamic acid, imene ili ndi chaji, yalowedwa m'malo ndi valine, imene imathawa madzi, pa malo achisanu ndi chimodzi. Kusintha kumeneku pa beta chain ya hemoglobin ndiko kumayambitsa matenda a sickle cell, amene si achilendo m'zipatala za kuno.

Ndipo apa mwana wa kum'mawa ali ndi mwayi umene sauzindikira msanga, chifukwa zambiri za m'kosi imeneyi anakula akuziona. Agogo akamaviika chinangwa chowawa m'madzi masiku angapo amakhala akuchotsa cyanide, amene amatseka cytochrome c oxidase, ndiye kuti complex IV ya electron transport chain, moti maselo amalephera kugwiritsa ntchito okosijeni ngakhale magazi ali nayo yokwanira. Matenda a pellagra, amene amagwira anthu odalira chimanga chokha popanda ndiwo zokwanira, amabwera chifukwa niacin wa m'chimanga ndi womangika ndipo thupi silimutenga bwino, komanso chimanga chili ndi tryptophan wochepa, amene thupi likanapangira niacin. Popanda niacin palibe NAD, chinthu chimene chimanyamula ma electron m'maselo, ndipo popanda NAD glycolysis ndi Krebs cycle siziyenda. Ndiwo zotendera ndi nsinjiro zimathandiza chifukwa mtedza uli ndi niacin wambiri. Munthu amene ali ndi enzyme ya G6PD yoperewera akamwa primaquine, mankhwala ena a malungo, maselo ake ofiira amatha kusweka, chifukwa maselowa alibe mitochondria ndipo amadalira pentose phosphate pathway kupeza NADPH yowateteza. Njira ya metabolism imene mwaimangirira ku chinthu chodziwika chotere siichoka msanga m'mutu.

Pa ma enzyme, musalekere pa kuloweza fomula ya Michaelis-Menten. Jambulani nokha ma girafu, kuphatikizapo ya Lineweaver-Burk, mpaka muzitha kunena mosakayika kuti competitive inhibitor, chinthu cholimbirana malo pa enzyme ndi chimene enzyme imagwirapo ntchito, amakweza Km (muyezo wa chogwirapo ntchitocho wofunika kuti enzyme ifike theka la liwiro lake lalikulu) osasintha Vmax (liwiro lalikululo), ndiponso chifukwa chake. Pa glycolysis, mayeso a kosi angafune masitepe onse khumi, koma MCAT imakonda kufunsa za kuwongolera: chifukwa chimene phosphofructokinase-1 ilili chipata chachikulu, chimene chimaitsegula ndi chimene chimaitseka, ndi zimene zimasintha m'chiwindi munthu akagona ndi njala. Makalasi a m'labu musawapeputse, popeza njira za m'labu monga SDS-PAGE, chromatography, Western blot ndi PCR zimapezeka kawirikawiri m'ndime za mayeso. Zolowerani kuwerengetsa pH ndi ma logarithm pa pepala, chifukwa kakyuleta saloledwa m'chipinda cha mayeso. Makadi obwerezera, kaya a pepala kaya a pa pulogalamu ya Anki, muzipanga mlungu uliwonse kosi ili mkati, kuti podzayamba kukonzekera mayeso mudzawapeze alipo kale.

Chachisanu ndi chimodzi, tetezani milungu ya pakati pa kosi ndi mayeso

Alangizi ambiri amanena za maola pafupifupi 300 okonzekera. Kwa munthu amene alibe makalasi, amenewa amakwana m'milungu 10 kapena 12. Kwa amene ali pa semesita, pamafunika miyezi inayi kapena kuposerapo. Gawo loyamba likhale lobwereza maphunziro akale ndi kuwerenga psychology ndi sociology, ndipo gawo lomaliza likhale la mayeso oyeserera athunthu, makamaka a AAMC eni ake, amodzi pa mlungu, tsiku lotsatira n'kumasanthula funso lililonse limene mwalakwa. Chigawo cha CARS sichidikira kosi iliyonse, choncho yambani kuwerenga ndime zake tsiku ndi tsiku kosi ya biochemistry isanathe n'komwe.

Ngati milungu imeneyi mudzaithera kumudzi kapena mu tawuni ya Chipata, konzekerani zinthu ziwiri. Mayeso athunthu amatenga pafupifupi maola asanu ndi awiri ndi theka pamodzi ndi nthawi zopuma, ndipo oyeserera amalembedwa pa intaneti, kotero mufunika malo amene magetsi ndi netiweki sizidzakudulani pakati. Fufuzani malo a sola kapena a jenereta pasadakhale. Chachiwiri ndi banja. Mwana amene wabwera kuchokera kunja amayembekezeredwa kukaona abale, kuthandiza kukolola ndi kuonekera pa maliro ndi pa maukwati, ndipo amene akulemba kumayambiriro kwa Seputembala adzapeza kuti mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kumapeto kwa Ogasiti, ukugwa m'milungu yake yomaliza. Khalani pansi ndi makolo musanayambe, muwaonetse kalendala ija ndi mtengo wa mayeso, kuti iwo eni azikuyankhirani kwa abale.

Chomaliza, lembetsani msanga ndipo dziwani nthawi yosunthira tsiku

Kulembetsa masiku oyambirira a chaka kumatsegulidwa kumapeto kwa chaka cham'mbuyo, kawirikawiri mu Okutobala, ndipo malo amatha msanga. Ndalama yolembetsera imaposa madola 300 a ku America, ndipo wolembera kunja kwa America ndi Canada amawonjezera ina. Malo olembera m'mayiko ena ndi ochepa ndipo sakhala ndi masiku onse, choncho wokhala kuno aone mndandanda wa AAMC asanakhazikitse china chilichonse, chifukwa tsiku lopezekalo lingasunthe dongosolo lonse la kosi. Awerengerenso ulendo: makilomita oposa 550 a msewu wa Great East kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka, kapena kudutsa pa chipata cha Mwami kukakwerera ndege ku Lilongwe, kumene kuli pafupi, kuwonjezapo visa ngati ikufunika ndi masiku awiri opumula asanalembe. Dzina lolembetsera lifanane ndendende ndi la pa pasipoti.

Patatsala milungu isanu kapena isanu ndi umodzi, yang'anani malikisi a mayeso oyeserera awiri kapena atatu omaliza ndipo muwayerekeze ndi amene masukulu anu amalandira. Ngati ali kutali, sunthani tsiku. Munthu amaloledwa kulemba katatu pa chaka, kanayi pa zaka ziwiri zotsatizana, ndi kasanu ndi kawiri pa moyo wake wonse, ndipo masukulu amaona zotsatira zonse, osati zabwino zokha. Ngakhale mutasankha kufafaniza mayeso pa tsikulo kuti asachongedwe, ulendowo umawerengedwabe pa chiwerengero chimenechi. Ndalama yosinthira tsiku imakwera pamene mayeso akuyandikira, ndipo pakatsala masiku osakwana 10 kusintha sikuloledwanso.